Phula la pakhomo likuonongeka chaka ndi chaka: onani izi musanaitanenso kontirakitala

Mvula ikangodula mu Epulo, madandaulo amene amandipeza ndi omwewomwewo. Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo panjira ya ku Likhubula akuti phula limene anathira chaka chatha lang'ambika. Bambo wina wa ku Luchenza akuti dzenje la pageti alikwirira katatu konse, koma labwereranso pomwepo. Ku tchalitchi kwathu nako, poimika magalimoto pasanduka dziwe. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi anatithirira phula labodza?

Nthawi zina zimaterodi. Koma pa zaka zimene ndagwira ntchito ya misewu, ndaona kuti phula lenilenilo silikhala ndi mlandu kawirikawiri. Phula lili ngati malata pa nyumba. Ntchito yake ndi kutchinga madzi. Chosenza kulemera kwa galimoto ndi maziko a miyala amene ali pansi pake, ndiponso dothi limene lili pansi pa mazikowo. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mvula ndi yambiri, malo ndi otsetsereka, ndipo dothi lathu lofiira likamwa madzi limafewa ngati phala. Tiyi amasangalala nazo zimenezi, koma phula ayi. Onjezanipo chiperoni chimene chimanyowetsa nthaka mu Juni ndi Julaye, pamene anzathu a kwina kwawo kuli gwa.

Choncho musathamangire kugula mgolo wina wa phula. Pezani chizindikiro chimene mukuona pakhomo panu m'munsimu. Zoyambitsa ndazindandalika kuyambira chimene ndimachipeza kawirikawiri mpaka chosowa.

## Madzi akudikha pamwamba mvula ikagwa

Ndayamba ndi ichi chifukwa ndi mayi wa mavuto ena onse.

Zoyambitsa
1. Msewu anaupanga wathyathyathya, wopanda kupendekera kumbali. Pa mita imodzi iliyonse ya m'lifupi, uyenera kutsika masentimita 2 kapena 3.
2. Ngalande yadzaza mchenga ndi masamba, kapena udzu wa m'mphepete wakwera kuposa phula, ndiye madzi alibe kotulukira.
3. Madzi a padenga akuthira pa phula chifukwa magata sanawalozetse kungalande.
4. Pansi patitimira pamalo amodzi.

Poyesa: thirani ndowa ziwiri za madzi kumtunda kwa msewu, muone kumene akupita. Kenaka kokani chingwe cholimba kuchoka mbali ina kufika mbali ina, muyeze mpata wa pakati pa chingwe ndi phula pamene padikha madzipo.

Pokonza: yambani ndi khasu ndi fosholo. Fukulani ngalande, palani udzu ndi dothi la m'mphepete kuti likhale pansi pang'ono pa phula, ndipo madzi a padenga muwapatse njira yawoyawo. Nthawi zambiri izi zokha zimathetsa vuto popanda kulipira munthu. Ngati ndi kadzenje kosapitirira masentimita 2 kuya ndipo pansi ndi polimba, angadzazepo phula la miyala yaing'ono n'kutsendera. Ngati msewu wonse ndi wathyathyathya, zigamba sizingathandize. Pafunika kuyala phula lina pamwamba lopendekera bwino, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kontirakitala.

## Ming'alu yambirimbiri yolukanalukana, ngati khungu la ng'ona

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Ming'alu yotere ikutanthauza kuti phula likupindika nthawi iliyonse pamene tayala ladutsa, chifukwa pansi palibe mphamvu. Zili ngati waya: mukamaupinda mobwerezabwereza umathyoka. Wina akabwera n'kunena kuti apakapo phula lamadzi pamwamba kuti ming'alu itsekeke, dziwani kuti msewu udzaoneka wakuda bwino kwa miyezi iwiri kapena itatu, kenaka ming'alu idzatulukanso m'malo omwewo.

Zoyambitsa
1. Madzi alowa m'maziko, kuchokera m'mbali kapena pansi. M'mphepete mwa phiri muno akasupe ndi ambiri, ndipo ena amangotumphuka mu Febuluwale ndi Malichi, m'chilimwe osaoneka n'komwe. Amene anayeza malo anu mu Okutobala sanawaone.
2. Maziko ndi opyapyala kapena sanatsenderedwe mokwanira. Pa galimoto zazing'ono pamafunika masentimita 15 a miyala ya kwale yosakaniza ndi dasiti yake, kapena gravel wabwino, muyeso umenewu ndi wa pambuyo potsendera.
3. Sanachotse dothi lakuda la pamwamba, mizu ndi zitsa. Zimenezi zimawola, pansi n'kusiya mphako.
4. Pakudutsa katundu amene msewuwo sanaupangire. Lole imodzi yodzaza mchenga kapena njerwa imaononga kuposa galimoto zazing'ono zambirimbiri. Ngati munathira phula kenaka n'kuyamba kumanga nyumba ya kuseri, chifukwa chake n'chimenecho.
5. Phula lenilenilo ndi lopyapyala kwambiri.

Poyesa: mvula itangogwa, wina ayendetse galimoto pang'onopang'ono inu mutanyonyomala pambali. Mukaona phula likunyendera, kapena madzi amatope ofiira akutuluka m'ming'alu, maziko afa. Kenaka kumbani kadzenje kamodzi ndi piki m'mphepete mwa malo oonongekawo. Yezani ndi tepi kukhuthala kwa phula ndi kwa maziko, ndipo mujambule ndi foni tepi ili pomwepo. Chithunzicho chidzakuthandizani pokambirana ndi amene anagwira ntchito.

Pokonza: njira ndi imodzi, kudula malo onse ong'ambikawo, kufukula mpaka kupeza polimba, kuika maziko atsopano, n'kutseka. Ngati m'kadzenje kaja mukulowa madzi okha, pafunika ngalande yapansi kumtunda kwa msewu: dzenje lalitali lakuya kuposa maziko, m'kati muli payipi yobooledwa, yozunguliridwa ndi miyala ya kwale, yotulutsira madzi kumunsi.

Lekani, itanani katswiri ngati ming'alu yotere yagwira gawo limodzi mwa magawo anayi a msewu wonse kapena kuposa, kapena ngati mwapeza kasupe. Pamenepo zigamba n'kutaya ndalama. Pezani injiniya kapena munthu wodziwa za dothi aone kaye, musanafunse mtengo kwa aliyense.

## Dzenje likubwereranso pamalo omwewo

Zoyambitsa
1. Anangothira phula m'dzenje lonyowa, lamatope, osalidula bwino.
2. Sanatsendere. Kupondaponda ndi nsapato kapena kumenya ndi fosholo si kutsendera.
3. Chimene chinabweretsa dzenjelo chidakalipo: madzi a padenga, mpope wodontha, kapena payipi yophulika pansi.
4. Galimoto imadonthetsa dizilo kapena oyilo pamenepo. Mafuta amenewa amasungunula phula. Ngati dzenje lili ndendende pamene pamaima injini ya lole yanu, musafunenso chifukwa china.

Dzenje laling'ono mungathe kulikonza nokha, kapena kuyang'anira mnyamata amene mwamulemba ganyu, bola tsiku likhale louma:

- Jambulani bokosi lamakona anayi, lopitirira dzenjelo ndi masentimita 10 mpaka 15 mbali zonse, kuti mufike pa phula lamoyo.
- Dulani makoma ake choimirira, osati mopendekera ngati mbale.
- Chotsani zofewa zonse. Bwezerani maziko pang'onopang'ono, mukuwaza madzi pang'ono ndi kutsendera. Mukafumbata m'manja zigwirane koma zisatuluke madzi.
- Sesani fumbi, pakani emulsion (phula lamadzimadzi losakaniza ndi madzi) pansi ndi m'makoma.
- Thirani cold mix (phula losakaniza kale ndi miyala, lothira losatenthetsa) mosapitirira masentimita 5 pa ulendo umodzi, tsenderani, onjezani. Chigamba chitsale chotumphuka pang'ono chifukwa chimatsikabe matayala akamadutsa.

Kompakita ya injini yobwereka tsiku limodzi imaposa kutali chitsulo chotsendera pamanja.

Chenjezo: musalole aliyense kuwiritsa mgolo wa phula pamoto wa nkhuni pakhomo panu pali ana. M'mgolo mukakhala timadzi pang'ono, phula limafufuma n'kusefukira mwadzidzidzi. Prime (phula lamadzimadzi limene amawaza pa maziko asanayale phula lapamwamba) ija amati MC-30 imakhala yosakaniza ndi parafini, ndiye imagwira moto msanga. Munthu akapsa ndi phula, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, musayese kumatula phula limene lakakamira pakhungu, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

## Miyala ikuyoyoka, mukasesa mukudzaza wilibala

Zoyambitsa
1. Hot mix (phula losakaniza ndi miyala, loyala likadali lotentha) inafika itazizira. Imachoka kumakina ili pa madigiri pafupifupi 150, ndipo rola yotsendera iyenera kumaliza ntchito isanatsike kufika cha m'ma 80. Tipa ikachokera kutali, monga ku Blantyre, yopanda tenti pamwamba, n'kuimanso panjira, phula limafika litayamba kuuma. Likatero silitsenderekanso, limatsala ndi timipata tolowa madzi.
2. Anathira kukugwa chiperoni kapena pansi pali ponyowa. Phula ndi madzi sizigwirana.
3. Anachepetsa phula m'chisakanizo, kapena miyala inali yafumbi.
4. Ukalamba. Phula la zaka zambiri limatuwa ndi dzuwa n'kuyamba kuthothoka.

Poyesa: palani ndi sikuludiraiva. Ngati miyala ikuchoka mosavuta pa phula losakwana chaka, ntchitoyo inalakwika ndipo kontirakitala abwere. Ngati phula likusendeka lonse ngati chikopa, pansi pakuoneka maziko oyera opanda kuda kulikonse, ndiye kuti sanathire prime.

Pokonza: ngati pansi ndi polimba, apa ndi pamene kupaka pamwamba kumathandizadi. Asese bwino, awaze emulsion, amwaze timiyala toyera, n'kudutsitsa rola. Koma posendeka pafunika kuchotsa n'kuyambiranso.

## M'mphepete mukugumuka, pageti pakudyeka

Phula lopanda chotchinga m'mbali limanyenyeka ngati chigumu. Choyamba ndi kusowa kwa miyala ya simenti ya m'mphepete. Chachiwiri ndi madzi othamanga m'mbali amene amakokolola dothi, phula n'kutsala lolendewera. Chachitatu, msewu ndi wopapatiza ndiye matayala amaponda m'mphepete pokhota.

Ikani mzere wa konkire m'mbali zonse, ndipo maziko apitirire phula ndi masentimita 20 kapena 30. Pamalo otsetsereka kwambiri, monga makomo ambiri a ku Thyolo, ngalande ikhale yowaka ndi miyala ndi simenti, ndipo madzi muziwapatutsa pafupipafupi asanasonkhane n'kupeza liwiro. Ambirife tinaona mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, zimene madzi otsika m'phiri amachita akasowa njira.

Apa musakhudze nokha: ngati geti lanu latulukira mumsewu waukulu, monga wa M2 wochoka ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Mulanje mpaka ku Muloza, ngalande ya m'mbali mwake si yanu. Musaikwirire kuti galimoto izidutsa bwino. Kafunseni ku Roads Authority, kapena ku khonsolo ngati ndi msewu waung'ono, akuuzeni kukula kwa khalavati yoyenera. Mukatseka ngalande imeneyo, madzi amadya geti lanu, msewu wa boma, ndi pakhomo pa mnansi wanu wa kumunsi.

## Phula likufewa ndi kumata kumatayala mu Okutobala

Kawirikawiri anachulutsa phula, kapena anathira chapamwamba prime isanaume. Prime imafuna tsiku lathunthu kapena kuposa, makamaka kukakhala mitambo. Masana dzuwa litatentha, mwazani dasiti ya kwale kapena mchenga wokhakhala, muyendetsepo galimoto, mubwereze masiku angapo. Zipsera za matayala pa phula latsopano zimabwera mukamapotoza chiwongolero galimoto itaima. Zolowerani kukhota ikuyenda. Koma ngati phula likukankhika n'kupanga mafunde pamtsetse pamene mumaponda buleki, chisakanizocho n'cholakwika kapena sichinagwirane ndi maziko. Pamalo otero konkire ndi imene imapirira.

## Mng'alu umodzi wautali, kapena phula latukumuka

1. Mizu. Bulugamu, mango, mapeyala ndi nsungwi zimayenda mtunda pansi pa phula pofuna chinyezi.
2. Ngalande ya payipi kapena ya waya imene anakumba n'kukwirira osatsendera. Mng'alu wake umakhala wowongoka.
3. Polumikizira, pamene ntchito ya tsiku lina inakumana ndi ya tsiku linzake.
4. Chiswe, ngati pamalopo panali chulu chimene anangochisalaza osachifukula.

Mng'alu wosapitirira chala kukula: chotsani udzu ndi fumbi, thirani emulsion, mwazani mchenga. Chitani zimenezi mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe. Musanakumbe kufuna mizu, dziwani pamene padutsa payipi ya Southern Region Water Board ndi waya wa magetsi.

Lekani zonse, chotsanipo galimoto, itanani injiniya lero lomwe ngati mng'alu uli wokhota ngati uta pamwamba pa mtsetse, mbali imodzi yatsika kuposa inzake, ukukula tsiku ndi tsiku, kapena khoma lotchinga dothi layamba kupendekeka. Limenelo si vuto la phula. Nthaka ikusuntha, ndipo kumunsi kwake kungakhale nyumba za anthu.

## Ndere ndi kapinga

Pamthunzi, ndere zimamera ndipo pamaterera. Sadzani nthambi kuti dzuwa lifike, kwechani ndi burashi yolimba. Musathire dizilo pofuna kupha udzu.

## Mitengo ya makontirakitala yasiyana kutalitali

Wina akuti ndalama zakuti, wina theka lake. Pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake n'chakuti sakugulitsa chinthu chimodzi. Wotchipayo wachotsamo maziko, ngalande kapena rola, zimene sizioneka ntchito ikatha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye funsani, ndipo mayankho alembedwe pa kotesheni:

- Kukula kwa malo m'masikweya mita. Yezani nokha ndi tepi.
- Akumba kuya bwanji, ndipo dothi akalitaya kuti?
- Maziko ndi a chiyani, masentimita angati atatsendera?
- Pamwamba ndi hot mix, cold mix, kapena phula lowaza ndi timiyala? Ngati ndi hot mix, pakhomo pamafunika masentimita 3 mpaka 5 atatsendera. Mawu akuti "atatsendera" asasowe.
- Phula lichokera kuti, ndipo rola ndi yotani?
- Madzi adzapita kuti? Kontirakitala amene wayendera malo anu osafunsa za madzi, ine sindingamupatse ntchito.

Muuzeni akuonetseni satifiketi yake ya ku bungwe lolembetsa makontirakitala, lija tinalizolowera kuti NCIC, ndipo muone ngati ili yamoyo. Koposa pepala, akutengereni pa ntchito imene anagwira konkuno yomwe yapyola nyengo ziwiri za mvula. Ntchito ya mwezi watha iliyonse imaoneka yokongola. Mukacheze ndi mwini wake kontirakitalayo atatalikira.

Chenjerani ndi amene amagogoda pageti madzulo kuti ali ndi phula lotsala ku ntchito ya msewu, mugule lero lomwe motchipa. Likhoza kukhala lakuba, n'kukulowetsani m'milandu. Ngakhale litakhala lawo, lazizira kale, ndipo alithira pa dothi losakonza.

Ndinene maganizo anga poyera, ngakhale ndine munthu wa phula. Ngati msewu wanu ndi waufupi, wongochoka pageti kufika pagalaja, kapena ndi wotsetsereka kwambiri, ganizirani za konkire kapena timabuloko tolukana tija ta simenti. Kubweretsa tipa ya hot mix ndi rola kudzagwira kamalo kakang'ono kumadula, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaba njira. Timabuloko amisiri a konkuno amatidziwa, ndipo payipi ikaphulika mumangozula n'kubwezeretsa. Phula limapindula pa msewu wautali, wa kusukulu, kutchalitchi kapena kumalo ogona alendo. Komanso mukamva kuti a pafupi nanu akufuna phula, gwirizanani muitane kontirakitala mmodzi, mtengo wonyamulira makina mugawane.

## Kontirakitala walandira ndalama, ntchito yaima, kapena sakubwera kudzakonza

Zoyambitsa
1. Munapereka zambiri poyamba, ndiye palibe chomubweretsa.
2. Panalibe pangano lolemba.
3. Anayamba mu Novembala, mvula yamupezerera. Kuno nthawi yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, chiperoni chitatha.
4. Alibe makina akeake, akudikira obwereka.

Mnansi wanga wina anapereka ndalama zonse tsiku loyamba chifukwa wogwira ntchitoyo anali wodziwana ndi achibale. Maziko anakhala osatseka dzinja lonse mpaka anakokoloka. Zinandiwawa, chifukwa zinali ndalama za penshoni.

Lipirani m'magawo: pang'ono poyamba, gawo lina akamaliza kukumba ndi ngalande, lina maziko akatha, lina phula likathiridwa. Musanalipire gawo la maziko, lole yodzaza iyende pamwamba pake pang'onopang'ono inu mukuona. Paliponse ponyendera akonze asanathire prime. Tsiku lothira phula mukhalepo, tepi ili m'manja. Ndipo mugwirizane polemba kuti musunga 5 kapena 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse mpaka mvula idzathe mu Epulo. M'makontirakiti a zomangamanga zimenezi n'zachizolowezi, ndipo wodziwa ntchito yake sadabwa nazo. Kaya mwalipira kubanki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, sungani uthenga wake ndipo akulembereni lisiti.

Ngati zavuta kale, musayambe ndi kukalipa pa Facebook. Sonkhanitsani pangano, malisiti ndi zithunzi zija za tepi. Mulembereni kalata yotchula zolakwika chimodzichimodzi ndi tsiku limene akhale atakonza, kope lina musunge. Tsikulo likadutsa, kadandauleni ku bungwe limene linamulembetsa, kapena ku Competition and Fair Trading Commission imene imamva madandaulo a ogula, ndipo zikakanika, kubwalo la majisitireti pa boma. Musalole munthu wina kufukula ntchitoyo injiniya asanaione n'kulemba zimene wapeza, chifukwa umboni wanu uli pansi pa phulalo. Podikira zonsezi, fukulani ngalande ndi kutseka ming'alu ikuluikulu kuti madzi asapitirize kulowa m'maziko.